Dzenje la Pansi pa Chigayo cha Amalume

Pamene ndinali ku koleji ya zomangamanga, mphunzitsi wathu wina anatha masana athunthu akutifotokozera za maziko omangidwa pakati pa nyanja zikuluzikulu za mchere. Anatijambulira pa bolodi chimzati chachitsulo, chobowoka m'kati ngati nsungwi, chokhomeredwa pansi pa madzi, ndipo m'mimba mwake munali nthambo za magetsi ndi zipangizo zina zosafuna chinyezi. Iye anati madzi a mchere amadya chitsulo, choncho omanga zinthu zotere amavutika ndi funso limodzi: kodi atseke m'katimo kotheratu kuti madzi asalowe, kapena asiye polowera munthu woti azikaona ndi kuchotsa zimene zalowa? Ambiri a ife tinaseka, pakuti m'kalasi monsemo munalibe amene anali ataiona nyanja ya mchere. Mnzathu wina anafunsa ngati zimenezi zibwere pa mayeso, ndipo atamva kuti ayi, anatseka kope lake. Ine ndinamvetsera mpaka pa mapeto. Sindinkadziwa kuti funso lomwelo lidzandipeza ku Chinsapo, kutali ndi nyanja ina iliyonse.

Amalume anga, mchimwene wawo wa mayi anga, ndiwo anandilera kuchokera pamene ndinachoka ku Ntcheu kudzayamba sekondale m'tauni. Tinkakhala ku Biwi, ndipo iwo ankagwira ntchito pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosachedwa ku maliro kapena ku ukwati, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anawapumitsa ntchito, msana wawo utatha ndi mabelo a fodya. Zonse zimene anawapatsa powapumitsa anagulira malo ku Chinsapo, kumunsi cha kudambo, pamodzi ndi makina a chigayo: chokonola, chogaya, ndi mota yaikulu yoyendetsa zonse ziwiri. Pamalopo panali nyumba yogona kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali kanyumba kamene kale kanali golosale. M'kanyumbako ndimo ankafuna kuikamo chigayo.

Nthawi imeneyo ine ndinali nditangolandira dipuloma yanga, ndipo ndinkagwira ntchito kwa kontilakitala wina ku Area 25. Loweruka lina amalume anandiitana kuti ndikaone malowo.

"A injiniya," anatero, pakuti ndimo ankanditchulira akafuna kundiseka, "sukulu ija ndinakulipirira lero ibale zipatso. Ndili ndi zofuna ziwiri zokha. Denga ili lisachoke, chifukwa ndilibe mphamvu yogulira malata ena. Ndipo mzimayi aliyense wobwera pano asakwere masitepe ndi thumba pamutu."

"Amalume, zigayo zonse zili ndi masitepe. Makinawa ndi aatali."

"Amene anazimanga sananyamulepo belo la fodya. Ine ndikudziwa chimene sitepe imodzi imachita ndi msana wa munthu."

Ndinayeza kanyumbako, ndinayezanso makina. Zinali zoonekeratu kuti ngati denga silikwera ndipo pothirira chimanga pakhala pafupi ndi chiuno cha munthu, ndiye kuti china chiyenera kutsika. Choncho ndinaganiza zokumba dzenje pansi pa nyumbayo, lozama pang'ono kuposa msinkhu wa munthu, kuti mota ikhale m'menemo, lamba azituluka pa mpata wopapatiza kukazunguza makina pamwamba.

Ndisanajambule kanthu ndinakumbitsa kadzenje koyesera panja. Munali m'chilimwe, fumbi lili paliponse, koma pofika m'mawa mwake pansi pa kadzenjeko panali patadikha madzi. Ndinayendayenda m'makomo oyandikana nawo. Njerwa zam'munsi mwa makoma zinali zoyera mbuu ngati wina wawazapo ufa, ndipo zinkanyenyeka ukazikanda ndi chala. Madzi a pachitsime chapafupi anali olemera pa lilime, sopo sankachita thovu bwino, ndipo ndowa zachitsulo za amayi a m'deralo zinali zobowokabowoka kunsi. Apa ndipo ndinakumbukira chimzati chija cha pa bolodi. Mchere wa m'dambo la Chinsapo sungafanane ndi wa m'nyanja, koma kwa chitsulo kusiyana kwake ndi kwa nthawi chabe.

Ntchito imeneyo ndinaigwira ndi mtima wanga wonse, ndipo ngakhale lero sindichita nayo manyazi. Pansi ndi makoma a dzenjelo tinathira konkire tsiku limodzi osapumira, kuti pasakhale msoko woti madzi adzerepo. Kunja kwa makomawo tinapaka phula lotentha, kenako tinakuta ndi pulasitiki wakuda wokhuthala tisanakwirire dothi. Mota tinaikweza pa kaguwa, titaimanga ndi mabawuti pa miyendo yachitsulo. Madzi a m'dambo analibenso njira. Koma ndinkadziwa kuti pa chigayo pali madzi ena amene khoma silingawaletse. Chimanga chisanalowe m'chokonola amachiwaza madzi kuti gaga achoke bwino, ndipo madzulo amakolopa pansi. Madzi onsewo ndi a pachitsime chija. Ena ankayenera kudontha ndithu pa mpata wa lamba, ndipo dzenje losalola madzi kulowa sililolanso madzi kutuluka. Pa chifukwa chimenechi pansi pa dzenjelo ndinapapendeketsa pang'ono kuti madontho onse azitsikira ku ngodya imodzi, kumene ndinasiya kachibowo konga mbale. Pamwamba pa ngodya imeneyo ndinaika chivundikiro chachitsulo ndi makwerero otsikira.

Lamulo lake linali losavuta. M'mawa uliwonse, makina asanalizidwe, munthu atsike, atunge madzi a m'kachibowoko ndi kapu, apukute mota ndi nsanza, apake girisi pa mabawuti, ndipo chivundikiro chikhale chotsegula kanthawi kuti mpweya usinthe. Ndinawauzanso kuti potero azitseka chitseko cha chigayo, kuopa kuti mwana angalowe mothamanga n'kugweramo. Amalume anati ntchito imeneyo sangaisiyire wantchito, adzaigwira okha.

Chigayo chinatsegulidwa nthawi yokolola, ndipo chinayenda bwino kuposa mmene tonse tinkayembekezera. Amayi ankadutsa zigayo zina za m'mbali mwa msewu wa ku Likuni n'kutsikira kwa amalume. Loweruka ndikapitako ndinkapeza mzere wa mabeseni ndi matumba wafika mpaka panja, amayi atakhala pa khonde akusenda nzimbe.

"Bambo a chigayo," anatero mayi wina wachikulire tsiku lina, akukhuthula chimanga chake osanyamula thumba kupitirira chiuno, "mukanabwera kale bwenzi mawondo angawa akadali anga."

"Thokozani mwana wa mlongo wangayu, amayi. Ndi amene anapita kusukulu."

"Ameneyu? Wakwatira?"

"Akuyezabe ndi tepi."

Amayi onse pa khondepo anaseka, ndipo ine ndinapita kukayang'ana lamba amene sankafuna kuyang'anidwa.

Ndakhala ndikusinkhasinkha za mmene mphekesera inayambira, ndipo ndikuona kuti panalibe munthu amene anaipeka mwadala. Inamera yokha kuchokera pa zinthu zimene aliyense ankaziona ndi maso. Anthu ankaona bambo wachikulire akutuluka m'nyumba mwake m'mawa uliwonse, atanyamula kapu m'dzanja lina ndi kontena m'dzanja lina. Kontenayo inali ija ankatengeramo chakudya popita ku Kanengo. Atapuma ntchito anaona kuti ndi yabwino kusungiramo girisi, popeza inali ndi chotsekera cholimba. Ankalowa m'chigayo, n'kudzitsekera. Oyandikana nawo ankamva chitsulo chikukwekwerezeka pansi, kenako zii kwa kanthawi. Pambuyo pake ankatuluka akupukuta m'manja, n'kukataya timadzi kuseri. Kuwonjezera apo, mota ya m'dzenje simveka ngati ya pamtunda. Magetsi akazima mwadzidzidzi, monga ankachitira kawirikawiri zaka zimenezo, kulira kwake kunkatsika pang'onopang'ono kuchokera pansi pa nthaka ngati kubuula. Ndipo chigayocho chinkapeza anthu ambiri kuposa zinzake. Kwathu kuno mwini chigayo amayamba kale ndi mlandu asanalakwe, pakuti anthu amakhulupirira kuti makina otere sayenda ndi magetsi okha.

Zonsezi zikanatha kukhala nthabwala za pachitsime. Koma m'nyumba ya amalume munkakhala mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo. Akazi awowo ife tinkawatchula kuti azakhali. Mlamuyo anali atadwala nthawi yaitali, matenda amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina pagulu. Azakhali anamusamalira mpaka mphamvu zawo zonse zinatha, ndipo m'chaka chachiwiri cha chigayo, nthawi yozizira, anamwalira. Tinakaika maliro ku Dedza, kwawo kwa azakhali.

Ine nkhaniyo ndinaimvera m'minibasi. Ndinali kupita ku Chinsapo masabata angapo maliro atachitika, ndipo pa mpando wakutsogolo kwanga panali amayi awiri osandidziwa, mmodzi atafungatira thumba la chimanga.

"Lero simukutsikira kumunsi kuja?" anafunsa winayo.

"Ine? Ana anga adye ufa wogayidwa ndi munthu wakufa? Ndipitirira mpaka ku Chigwirizano, bola ndikwere masitepe."

"Koma ndi mkulu wa mpingo, amwali."

"Ndiye amene amadziwa bwino. Inu munaonapo mota imene imadya chakudya cha m'kontena? Imamwa ndi kapu?"

"Akuti maliro aja anali opepuka."

"Munthu anadwala chaka chonse, angalemere bwanji?" analowererapo kondakitala. "Tiyeni tisunthe kumbuyoko, anayi anayi."

"Iwe tolera ndalama zako, za akuluakulu uzisiye."

Zimene ankanenazo zinali zoti amalume anasandutsa mlamu wawo ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kusungidwa kuti azigwirira ntchito mwini wake, ndipo ankamusunga m'dzenje limene ine ndinajambula.

Poyamba amalume anaseka. Anaitana akuluakulu anzawo a mpingo, nawatsegulira chivundikiro masana dzuwa likuswa mtengo. Awiri anatsika ndi tochi, anaona mota, kachibowo ndi makoma ouma, ananunkhiza girisi wa m'kontena, ndipo anapemphera pomwepo. Lamulungu lotsatira analengeza kuti nkhaniyo ndi yabodza. Koma kulengezako kunangofikitsa mphekesera kwa amene anali asanaimve. Anthu anati zinthu zotere sizioneka ndi tochi. Ena anati amalume anaisamutsa ndondochayo tsiku limenelo. Mzere wa pakhonde unafupika mpaka unatha. Wantchito amene ankathira chimanga m'makina anatsanzika, ati mkazi wake sakugona tulo. Chopweteka koposa chinagwera azakhali. Akafika pachitsime amayi ankaleka kulankhula, ndipo achibale awo a ku Dedza anatumiza uthenga wofunsa ngati iwonso ankadziwa. Mayi amene anasambitsa mlongo wake ndi manja ake kwa miyezi yambiri anayamba kutunga madzi anthu ena onse atachoka.

Chakumapeto kwa chilimwe amalume anandiitananso. Ndinawapeza atakhala pa thumba la gaga m'chigayo chopanda munthu, matumba awiri a simenti ali pambali pawo.

"Ndikufuna utseke apa," anatero, akuloza chivundikiro. "Uthirepo konkire, anthu akuona. Pasakhalenso polowera."

"Amalume, madzi adzadzamo. Dzenjeli lili ngati beseni. Chimene chalowa sichituluka pokhapokha munthu atachitulutsa."

"Ndikudziwa. Ndine amene ndakhala ndikutunga."

"Ndiye tilembe munthu wina azitsika, inu muli panja, chitseko chili chotsegula."

"Wantchito wapita uja sunamuone? Ndani angatsike m'menemu lero? Ndipo akatsika n'kudwala chimfine, adzati chiyani?"

Ndinali nditaganizira kale njira ina, choncho ndinaitulutsa. Ndinati tiike paipi yochokera m'kachibowo kaja, idutse m'khoma n'kutulukira kuseri, ndipo kumeneko tiikeko kapampu ka manja. Munthu sadzafunikanso kutsika kukatunga. Amalume anamwetulira mwachisoni.

"A injiniya, dzenje lotseka, paipi ikutuluka kuseri? Adzati ndamusiyira popumira."

Ndinanena za njira yotsiriza, yokweza denga n'kutulutsa mota kuti ikhale pamtunda monga zigayo zina zonse. Iwo anavomera kuti imeneyo ndiyo njira, koma chigayo chinali chitakhala miyezi osagaya, ndipo maliro anali atadya chimene chinalipo. Anati titseke kaye, anthu abwerere, tipirire dzinja limodzi, ndipo pokolola tidzakweza denga.

"Mota ingapirire dzinja limodzi?" anafunsa.

"Mwina. Mukachepetsa madzi owaza ndi okolopera."

"Azakhali ako sangapirire mwezi wina. Pakati pa chitsulo ndi munthu, ndasankha."

Tinatseka Loweruka lotsatira. Ndisanathire konkire ndinatsika komaliza, ndinapukuta paliponse, ndinapaka girisi wochuluka pa bawuti iliyonse ndi pa miyendo ya mota, ndipo ndinamanga kamlomo ka simenti kuzungulira mpata wa lamba kuti madzi okolopera asamatsetserekeremo. Amalume anatsegula chitseko ndi mawindo onse, ndipo anthu anadzaza pakhonde. Aliyense wofuna anasuzumira m'dzenjemo. Kenako tinachotsa chivundikiro ndi makwerero, tinayala matabwa ndi mawaya, n'kuthira. Kontena ija amalume anaipereka kwa mayi wina woyandikana nawo kuti azisungiramo mchere, koma iye anakana mwaulemu.

Chodabwitsa n'chakuti njira ya amalume inagwira ntchito. Sindikudziwa ngati anthu anakhulupirira kuti munalibe kanthu, kapena anaganiza kuti chimene chinalimo chafera momwemo, kapena anangotopa ndi ulendo wa ku Chigwirizano mvula itayamba ndipo njira zitaterera. Pofika nthawi ya Khirisimasi mzere unali utabwerera. Mayi wa mawondo uja anabweranso, n'kunena kuti iye sanakhulupirirepo zimenezo, anangodwala chabe. Azakhali anayambanso kupita pachitsime nthawi imene anzawo amapita, ndipo anawasankha kuphika nawo pa ukwati wina wa mumpingo. Amalume ananenepako pang'ono. Ine ndekha ndinkati ndikafika, m'malo molonjera anthu bwinobwino, ndinkagwada pa mpata wa lamba n'kununkhiza.

Fungo linayamba kusintha mu Januwale. Kuchepetsa madzi kunakanika, pakuti mzimayi aliyense amadziwa mmene chimanga chake chiyenera kunyowera kuti mphale ituluke yoyera, ndipo mwini chigayo amene wangobwezeredwa anthu ake sangayambe kukangana nawo za madzi. Matope a dzinja ankalowa ndi mapazi, choncho kukolopa kunachuluka. Kamlomo kanga ka simenti kanagumuka mbali imodzi ndi matumba okokedwa pansi. Lamulungu lina masana, anthu ali m'nyumba zawo, ndinayesa kulowetsa paipi yofewa pa mpata wa lamba, koma mota inali pansi pomwepo, ndipo kachibowo kanali ku ngodya yakutali kumene ndinakaika kuti munthu wotsika pa makwerero akafikire mosavuta. Ndinaunika ndi tochi n'kuona kuwala kukuvina pansi. Ndinawauza amalume. Iwo anati kwatsala pang'ono, chimanga cha m'minda chayamba kale ngaiyaye.

Mota sinadikire kukolola. Chakumapeto kwa dzinja inayamba kulira mokhakhala, lamba n'kumagwedezeka. Tsiku lina m'mawa, mphale ya munthu ili m'makina, inatulutsa utsi wonunkha pa mpata uja n'kuima. Amalume anandiimbira foni kuchokera pa kanyumba koimbirapo ka pamsika. Sananene zambiri. Anati ndibwere ndi nyundo yaikulu.

Kuswa konkire sikubisika, choncho pofika masana pakhonde panali anthu ochuluka kuposa tsiku lotseka lija. Titaboola, ndinatsika pa makwerero obwereka. Madzi anandifika m'akakolo ndi kupitirira pang'ono. Anali asanafike pa mota yeniyeniyo, koma sanafunikire kufikapo. Miyendo yachitsulo inali itafufuma ndi dzimbiri, likusendeka ngati makungwa. Mabawuti awiri a mbali imodzi anali atadyeka mpaka kuduka, mota n'kupendekeka. M'dzenje lotsekedwa, lotentha masana ndi kuzizira makina akaima, chinyezi cha mchere chinali chitalowa paliponse, mpaka m'mawaya a m'kati. Ndinayendetsa dzanja pa makoma onse anayi, ngodya ndi ngodya, kufuna mng'alu. Sindinaupeze. Kunja kwa makomawo dambo linali lodzaza ndi mvula ya dzinja lonse, koma phula ndi konkire zinali zitagwira. Dontho lililonse m'dzenjemo linali lochokera pamwamba, m'manja mwa anthu ogayitsa.

Tinayamba kutunga ndi ndowa. Amalume anaima pamwamba kulandira. Ndowa yoyamba itatuluka pa kuwala, phokoso la pakhonde linatha. Madziwo anali ofiira, kufiira kwa dzimbiri losungunuka, kokhuthala pang'ono ndi fumbi la gaga. Aliyense amene anasiyapo khasu pamvula amaudziwa mtundu umenewo. Koma panalibe amene ananena za khasu. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Mwaona?" ndipo mnzakeyo anakoka mwana wake n'kumuika kumbuyo.

"Ndi dzimbiri, amayi," ndinatero ndili m'dzenje. "Chitsulo chadyeka. Bwerani muone."

"Usavutike," anatero amalume motsitsa mawu. "Ndipatse ndowa ina."

Anazinyamula okha ndowa zonsezo, ndi msana wawo womwe uja, kudutsa pakati pa anthu, n'kukazikhuthula m'ngalande ya kutsogolo kumene aliyense ankaona. Sanapite nazo kuseri.

Wokonza mamota amene tinamuitana anati mawaya angathe kukulungidwanso, koma thupi lake ladyeka kwambiri moti sizingakhalitse. Mota ina inali yosatheka. Ndipo ngakhale ikanapezeka, nkhani ya madzi ofiira inali itafika kale kumsika tisanamalize kutunga. Chaka chisanathe amalume anagulitsa makina otsalawo kwa munthu wa ku Kauma, malo anagulitsa kwa wina, ndipo iwo ndi azakhali anabwerera ku Ntcheu. Udindo wa mumpingo anautula okha asanapite, ngakhale panalibe amene anawapempha kutero. Wogula malowo anakwirira dzenje lija ndi zidutswa za njerwa. Pamene ndinadutsako komaliza, m'kanyumbako ankaonetsamo mafilimu, ana atakhala pa mabenchi pamwamba pa konkire wanga.

Kuchokera nthawi imeneyo ndamanga maziko ambiri, ena m'madambo oipa kuposa a ku Chinsapo, ndipo nkhani iyi ndaitembenuza mbali zonse. Dzenje likanapanda kukhalapo, mphekesera ikanasowa pogona. Koma dzenjelo linabadwa ndi chifundo cha amalume pa misana ya amayi omwewo amene anawathawa. Chivundikiro chikanakhala chotsegula, mota ikanakhala ndi moyo mpaka lero, koma azakhali akanatunga madzi okha mpaka liti? Girisi akanakhala m'chitini wamba, mlamu akanachira, chitseko chikanamakhala chotsegula m'mawa: chilichonse mwa izi mwina chikanasintha mapeto, ndipo palibe chimene chinali cholakwa pa nthawi yake. Mphunzitsi uja anatiuza kuti maziko osiyidwa polowera amadalira munthu amene adzalowamo. Sanatiuze kuti munthuyo ali ndi anansi, chifukwa pakati pa nyanja palibe amene amaona ukutsika ndi kapu. Chimene chimandiwawa n'chakuti amalume anaika zaka zawo zonse za ku Kanengo m'bokosi limene linachita zonse zimene tinalituma, ndipo anatulukamo opanda chigayo, opanda ndi dzina limene anatsekera dzenjelo kuti alipulumutse.

Ndinakawaona ku Ntcheu patapita zaka zingapo, nthawi yokolola. Anali atakalamba msanga. Azakhali anali ndi chimanga chofuna kukonola, ndipo ine ndinadzipereka kuchinyamula pa njinga kupita nacho ku chigayo cha pamsika. Amalume anati andiperekeza, akawongole miyendo. M'njira sitinalankhule za Chinsapo mpaka titayandikira, phokoso la makina litayamba kumveka.

"Tsiku lija unatsika titaswa konkire," anatero, "makoma unawapeza bwanji?"

"Olimba, amalume. Panalibe mng'alu."

"Ngakhale umodzi?"

"Ngakhale umodzi."

"Ndiye sukulu ija sinapite pachabe."

Chigayocho chinali chachizolowezi, cha denga lalitali ndi masitepe a simenti okwera kukafika pothirira. Patsogolo pathu panali mayi wachikulire amene anaima pansi pa masitepewo, thumba lili pamutu, akusonkhanitsa mphamvu. Amalume anandikodola kuti ndimulandire, ndipo ndinakweza thumba lake ndisanakweze lathu. Nditatsika ndinawapeza ataima pafupi ndi mota. Inali pamtunda, pa kaguwa ka njerwa, yokutidwa ndi fumbi la ufa, ikulira poyera pakati pa anthu. Anaiyang'ana kwa nthawi, manja ali kumbuyo.

"Iyi aliyense akuiona," anatero.

Kenako anapita kukakhala pakhonde pamodzi ndi ena odikira, mpaka mphale yathu inatuluka.